Internship kapena kuwunjika maola? Chisankho chomwe chimazunguza ophunzira kuyendetsa ndege

Mwana wa sukulu ya ndege akafika chapakati pa maphunziro, laisensi ya commercial, yololeza kulipidwa pouluka, ili mmanja kapena yatsala pang'ono, pamabwera funso lomwe limasowetsa tulo ambiri. Kampani ya ndege yalengeza zoti ikufuna ma intern, ophunzira odzazolowera ntchito, kwa miyezi itatu kapena semesita yonse, nde apite kapena atsale pa sukulu pompo aziuluka kuti maola aziwonjezekera? Makolo ndi abale akamva amangoti pita mwana iwe, mwayi ngati umenewu subwera kawiri, ndipo kuntchito zina zambiri akhoza kukhala akunena zoona. Koma upayiloti uli ndi kawerengedwe kakekake, miyezi itatu yomwe munthu wakhala pansi osauluka imakhala ndi mtengo ndipo mtengowo pena amadzaulipira patapita zaka 15. Palinso nthawi zina zomwe miyezi yomweyo suluza nayo kanthu, mwinanso ndi imene imadzakupulumutsa. Zimatengera mmene makampani akulembera anthu ntchito nthawi imeneyo, ndipo kuti zimveke bwino tiyambe ndi nkhani ya maola.

Payiloti aliyense ali ndi logbook, buku lomwe amalembamo ulendo uliwonse umene wauluka, ndege yake, maola angati, usiku kapena masana, anali yekha kapena ndi mphunzitsi. Pofunsira ntchito bukuli ndi limene limayamba kuyankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Ku United States, komwe za internship zimakambidwa kwambiri poti ambiri amaphunzira kuuluka ali pa yunivesite ngati Embry-Riddle, Purdue kaya University of North Dakota, laisensi yoyamba ya private imafuna maola osachepera 40, kenako munthu amaphunzira kuuluka mmitambo podalira zida zokha osaona pansi, kenako commercial pa maola 250, olo kuti sukulu zina zovomerezeka ndi FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege ku America, zimaloledwa kutsitsako mpaka 190. Commercial ndi imene imakulola kulandira malipiro chifukwa chouluka. Koma yokhayo siyikulowetsa mu ndege ya kampani yonyamula anthu ayi, pamenepo pakufunika laisensi ya ATP, maola 1,500 komanso zaka 23 zakubadwa.

Kale sizinali chonchi. Munthu wa maola 250 ankatha kukhala first officer, uja amakhala mpando wakumanja pambali pa kaputeni, mmakampani ang'onoang'ono aja amati ma regional. Zinthu zinasintha ndi ngozi ya pa 12 February 2009, pomwe ndege ya Colgan Air, Flight 3407, yochokera ku Newark inagwera nyumba kufupi ndi Buffalo nkupha anthu 50. Kafukufuku anapeza zoti kaputeni sanachite zoyenera pomwe ndege inachepa liwiro nkuyamba kutaya mphamvu youlukira, zinadziwikanso kuti anali atalepherapo mayeso ouluka kangapo mmbuyomo, ndipo first officer wake anali atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle kuti adzagwire ntchito ku Newark, malipiro ake osafika olo madola 20,000 pachaka. Mabanja a omwalirawo sanagone nazo, anakakamira aphungu ku Washington mpaka lamulo linadutsa mu 2010, FAA nkuyamba kuligwiritsa ntchito mu 2013. Chomwe anthu amatsutsanapo mpaka lero nchoti mapayiloti awiri aja onse anali ndi maola opitirira 1,500 kale, nde ena amati lamuloli silinakhudze chomwe chinaphetsa anthu aja, pomwe ena makamaka mabungwe a mapayiloti amati taonani mmene ngozi zachepera chibwerere lamuloli. Mu 2022 Republic Airways, imodzi mwa ma regional, inapempha kuti ophunzira a pa sukulu yake azilowa ndi maola 750, FAA inakana.

Kuchepetserako kulipo. Amene anaphunzira kuuluka ku usilikali amaloledwa pa maola 750, a digiri ya zaka zinayi ya za ndege yochokera ku yunivesite yovomerezeka pa 1,000, a digiri ya zaka ziwiri pa 1,250, ndipo awa amatha kuyamba ali ndi zaka 21. Komabe taonani mpata womwe watsala. Munthu wamaliza sukulu ndi maola 250 kaya 300, akufunika 1,000 kapena 1,500, ndipo zobwereka ndege kuti uziuluka ndi ndalama za mthumba ola ndi ola ndi ochepa kwambiri angakwanitse. Nde ambiri amatenga laisensi ya uphunzitsi nkumaphunzitsa obwera kumene, kunyamuka nkutera, kunyamuka nkutera pabwalo lomwelomwelo tsiku lonse, ena amanyamula anthu odumpha ndi parachuti, ena amakoka nsalu zotsatsa malonda mmphepete mwa nyanja, ena amajambula malo kapena kuyendera mapaipi a mafuta ali mmwamba. Malipiro ake ngochepa, kunja kukaipa suuluka ndipo nthawi zambiri sulandiranso, ndipo zimatenga chaka ndi theka, zaka ziwiri, pena kuposera apo. Internship ya ku kampani ya ndege imabwera munthu ali mkati mwa ulendo umenewu, ndipo chofunika kudziwiratu nchoti siyikupatsa ola louluka ndi limodzi lomwe.

Ambiri akamva zoti wina ndi intern ku flight operations, dipatimenti yoona za mapayiloti ndi maulendo, amaganiza kuti azikagwira chiwongolero. Ayi ndithu, ndi ntchito ya mu ofesi. Umakhala kwa chief pilot kapena ku dipatimenti ya chitetezo kapena kosulira mapayiloti, ukukonza mabuku a malangizo omwe asintha, kusanja malipoti a zomwe anthu akumana nazo mumlengalenga, kuthandiza kuunika data yomwe ndege zimajambula zokha, kukonzera makalasi olembedwa kumene, kuthamanga ndi mapepala uku ndi uku. Zokoma zake ziliponso, makampani ena amalola intern kulowa nawo mu simulator ya ndege yaikulu, makina oyeserera kuuluka uli pansi, ena amamulola akhale nawo mkalasi momwe akuphunzitsa mmene Boeing 737 kaya Airbus A320 imagwirira ntchito, ena amapereka matikiti aulere pakakhala mpando wotsala, ndipo malamulo akalola amakhala pa jumpseat, kampando kaja ka kumbuyo kwa mapayiloti, nkumaonerera ulendo wonse mmene anthu awiri amagawirana ntchito. Kwa munthu amene chiyambire wakhala akuuluka mu Cessna 172, kandege kakang'ono kophunzirira, zimenezi zimamutsegula mutu kwambiri. Koma maola a pa jumpseat sawerengedwa, ndi kuonerera basi.

Nanga miyezi itatu yokha ikhale nkhani yaikulu chonchi chifukwa chani? Ndi chifukwa cha seniority. Mmakampani ambiri a ndege, makamaka ku America ndi kwina komwe mabungwe a ogwira ntchito ali ndi mphamvu, tsiku lomwe walowa ntchito umapatsidwa nambala pa mzere wa mapayiloti onse, ndipo nambala imeneyo ndi imene imalamula pafupifupi chilichonse mpaka tsiku lopuma. Mzinda womwe uzigwirira ntchito, mtundu wa ndege yomwe uziyendetsa, kaya uzipuma kumapeto kwa sabata kapena uzigwira Khirisimasi chaka ndi chaka, tchuthi utenga liti, ukaputeni udzaupeza liti, zonsezi anthu amasankha motsatira mzere, woyamba kulowa ndi amene amayamba kusankha. Luso silikudumphitsa. Ukhoza kukhala katswiri kuposa aliyense, koma mnzako amene analowa sabata imodzi iwe usanalowe adzakhala patsogolo pako zaka 30. Ndipo zinthu zikavuta kampani ikayamba kuyimitsa anthu imayambira kumunsi kwa mzere kumakwera mmwamba.

Chowawa china nchoti nambalayo sumapita nayo kwina. Kaputeni amene wagwira zaka 20 kampani yake ikagwa, kumene akalowe akayambira pansi ngati first officer watsopano, malipironso a chaka choyamba. Olo makampani awiri akaphatikizana mkangano waukulu umakhala pa mmene asakanizire mizere iwiriyo, mapayiloti ambiri a TWA anaikidwa kumunsi American Airlines itagula kampani yawo mu 2001, ndipo kuyimitsa anthu kutayamba pambuyo pa September 11 ambiri mwa iwo ndi amene anayamba kupita kunyumba. Nde mukaona mwana wa zaka 21 akuwerengera miyezi musamuone ngati wopupuluma. Nthawi yomwe kampani yaikulu ikulemba anthu 150 kaya 200 mwezi uliwonse, kuchedwa ndi semesita imodzi ndekuti anthu mazana angapo akhala patsogolo pako mpaka kalekale, ndipo popeza ntchitoyi imathera pa zaka 65, miyezi yomwe wachedwa poyamba imakadulidwa kumapeto, komwe kaputeni wa ndege yaikulu amalandira ndalama zochuluka kwambiri pa moyo wake wonse.

Amene amati internship nkutaya nthawi mfundo yawo ndi imeneyi, ndipo ine sindiyipeputsa. Koma imagwira pokhapokha ngati makampani akulemba. Ngati palibe amene akulemba, kufika pa maola 1,500 mu March kapena mu July nchimodzimodzi, ungofika nkulowa mgulu la anthu ambirimbiri omwe ali ndi maola omwewo akudikira foni. Ndipo ntchito iyi imatseguka nkutsekeka mowirikiza moti aliyense amene akuyamba akuyenera adziwe mmene zakhala zikuyendera.

Pambuyo pa September 11 2001 makampani a ku America anayimitsa mapayiloti zikwizikwi, ena anadikira zaka pafupifupi khumi kuti aitanidwenso. Mu December 2007 zaka zopumira zinakwezedwa kuchoka pa 60 kufika pa 65, kwa akuluakulu inali nkhani yabwino koma kwa achinyamata zinatanthauza kuti kwa zaka zisanu opuma anali ochepa zedi, mzere unangoima, pamwamba pake nkubweranso kukwera mtengo kwa mafuta ndi mavuto azachuma a 2008. Anthu anakhala ma first officer ku ma regional zaka zambiri akulandira ndalama zoti sungasamale nazo banja. Kenako zinatembenuka, lamulo la maola 1,500 linachepetsa olowa, opuma anachuluka, ma regional nkuyamba kusaka anthu mmasukulu. 2020 Covid inaimitsa zonse, ndege zinakaikidwa mzipululu, makampani ananyengerera akaputeni ambiri kuti apume msanga, ndipo ku Europe Lufthansa inauza ophunzira mazana a pa sukulu yake ya ku Bremen kuti asayembekezere ntchito posachedwa, aganizire zina.

Anthu atayambanso kuyenda mapayiloti anasowa koopsa. Mu 2022 ndi 2023 makampani akuluakulu a ku America ankalemba anthu opitirira 10,000 pachaka, ma regional a American Airlines monga Piedmont ndi Envoy anakweza malipiro a first officer watsopano kufika madola 90 pa ola, Delta inasiya kukakamiza zoti ofunsira akhale ndi digiri. Nde 2024 itafika zinazizira. Boeing inachedwa kupereka ndege zatsopano pambuyo poti chidutswa chotseka khomo pa 737 MAX 9 ya Alaska Airlines chinathothoka ndege ili mmwamba mu January, ndege zambiri za A320neo zinaima chifukwa cha vuto la injini za Pratt & Whitney, United inaimika kaye makalasi a olembedwa kumene, Southwest inasiya kulemba, Spirit inayimitsa mapayiloti kenako nkukalengeza ku khoti zoti ngongole zayikulira. Ndipo zimatsika motsatana, akuluakulu akasiya kulemba akaputeni a ku regional sachoka, ma first officer sakwezedwa, aphunzitsi omwe akwanitsa maola 1,500 saitanidwa, ndipo amene wangomaliza kumene sapeza olo ntchito ya uphunzitsi poti malo onse ngodzaza.

Vuto lake nloti kuchoka pa ziro kufika pa kampani zimatenga zaka zingapo, nde amene analowa sukulu atamva zoti mapayiloti akusowa amatuluka zinthu zitasintha kale. Boeing chaka chilichonse imatulutsa lipoti loti dziko lapansi lidzafuna mapayiloti atsopano opitirira 600,000 mzaka 20 zikubwerazi, ndipo sukulu za ndege zimakonda kuika nambala imeneyi poyambirira penipeni pa zotsatsa zawo. Nambalayo sindikuitsutsa, oyenda pandege akuchulukadi ndipo opuma alipo chaka ndi chaka. Koma ndi ya dziko lonse, ya zaka 20, siyikunena kalikonse za chaka chomwe iwe udzatumize CV yako. Komanso amene makampani amawasowa nthawi zambiri ndi akaputeni odziwa ntchito, osati anthu a maola ochepa. Zimandiwawa ndikaganiza za banja lomwe likutenga ngongole ya madola oyandikira 100,000 potengera nambala imeneyi yokha.

Apa nde pomwe internship imaonetsa phindu lake. Olemba ntchito akakhala ndi mulu wa mafomu onse ofanana, maola 1,500, digiri, mbiri yopanda banga, amayamba kufunafuna chosiyanitsa, ndipo kalata yochokera kwa kaputeni wa mkampani momwemo amene anakuona ukugwira ntchito miyezi inayi ine ndimaona kuti imalemera kuposa maola 200 owonjezera mu Cessna. Mapayiloti amadziwana, amakumbukira amene ankafika nthawi yabwino nkumaliza zomwe watumidwa, amakumbukiranso amene ankangofunsa za matikiti aulere. Ndekuti internship ikhozanso kukuononga, miyezi yonseyo anthu akukuyang'ana, ukachita ulesi kaya mwano dzina lako latha pamalopo usanaulutse ndege yawo ndi kamodzi komwe. Phindu lina lomwe anthu saliwerengera ndi kuiona ntchitoyo mkati mwake. Pali ena amabwerako atazindikira kuti moyo wogona mmahotela nkumadzuka 3 koloko mbandakucha si wawo, koma za chitetezo, za dispatch (kukonza ndi kulondola ulendo wa ndege uli pansi) kaya zokonza ndandanda ya maulendo azikonda, ndipo kudziwa zimenezi uli ndi zaka 21 usanawonjezere ngongole ina si chinthu chaching'ono.

Palinso za kuchipatala. Payiloti wa kampani amayenera akhale ndi satifiketi ya class 1, ku America amapimidwa chaka chilichonse, akakwanitsa zaka 40 miyezi 6 iliyonse. Mtima, maso, shuga, khunyu, mankhwala ena a matenda a maganizo, chilichonse mwa izi chikhoza kukukhazika pansi kwa miyezi kapena mpaka kale. Amene anagwirapo mu ofesi ya kampani ya ndege amakhala ndi pogwira tsiku limenelo likafika, amene akudziwa kuuluka kokha amasowa poyambira. Ndiwonjezepo apa kuti aliyense amene akuganiza zolipira sukulu ya ndege akapimitse kaye class 1 asanapereke olo khobidi, zimachitika munthu kudzadziwa zoti sasiyanitsa bwino mitundu atalipira kale fizi yambirimbiri.

Tsopano pa malonjezo pafunika kuchenjera, mawu ake amamveka ofanana koma sali ofanana. Pena internship imalonjeza kuti fomu yako adzayiyang'ana mwapadera, izi sizimanga kampani kalikonse. Pena imalonjeza intavyu ukadzakwanitsa maola, izi nzabwinoko koma intavyu ukhoza kulephera. Pena munthu amapatsidwa kalata yoti tikulemba bola ukwaniritse zakutizakuti, koma nayonso nthawi zambiri ilibe tsiku loyambira, ndipo nambala ya pa mzere ija imabwera tsiku lolowa mkalasi osati tsiku la kalata. Makampani akuluakulu anakhazikitsanso njira zawozawo, United ili ndi Aviate ndi sukulu yake ku Goodyear ku Arizona, Delta ili ndi Propel, Southwest ili ndi Destination 225°, ndipo Envoy, Piedmont ndi PSA ali ndi dongosolo loti payiloti wawo nthawi yake ikakwana amasamukira ku American osachitanso intavyu. Zonsezi nzenizeni ndipo anthu adutsiramo, koma liwiro lake limadalira kuti wamkuluyo akulemba angati, akaima iye onse aima. Paja akulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Funsani chomwe chalembedwa papepala, funsani kuti mwa ma intern a zaka zitatu zapitazo ndi angati akuuluka pa kampaniyo lero, ndipo ngati pali bonasi yolowera werengani kuti mudzabweza zingati mukachoka zaka zomwe mwasainira zisanakwane.

Kunja kwa America kawerengedwe kamasintha ndithu. Ku Europe ndi maiko ena omwe amatsatira dongosolo lofanana nalo, munthu amalemba mayeso 13 a ATPL, lomwe ndi dzina lawo la laisensi ya ATP ija, amatenga commercial ndi maola pafupifupi 200, amachita kosi yophunzira kugwira ntchito awiriawiri, kenako type rating, chilolezo choyendetsa mtundu umodzi wa ndege monga A320 kapena 737, basi atha kukhala kumanja mu ndege ya anthu 180. Maola 1,500 amadzawakwanitsa ali pantchito kale, ndipo ndi pomwe laisensi yake imakhala ATPL yathunthu. Kumeneko chovuta si maola, ndi ndalama komanso kupeza ntchito yoyamba. Type rating pena amalipira wophunzira yekha, ndalama zankhaninkhani, pena kampani imalipira nkukumangirira zaka zingapo. Nde funso lawo limakhala loti alowe pulogalamu ya cadet yomwe kampani yakusankhiratu usanayambe, kapena adzilipirire okha nkudzasaka ntchito pambuyo. British Airways inayambitsa Speedbird Pilot Academy mu 2023 yomwe imalipirira osankhidwa maphunziro, koma malo ngochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira. Palinso laisensi ya MPL yomwe ICAO, bungwe la maiko onse loona za ndege, inabweretsa mu 2006, mbali yaikulu imaphunziridwa mu simulator motsatira kachitidwe ka kampani imodzi, imafulumira koma kampaniyo ikagwa usanakhazikike umavutika, ndipo makampani amagwadi, Monarch mu 2017, Thomas Cook mu 2019, Flybe mu 2020.

Chimodzi chomwe ndinene mosabisa ndi pay to fly. Pali makampani ndi ma ejenti amene amagulitsa maola a ndege yaikulu, wophunzira amalipira kuti akhale first officer kwa maola mazana angapo akunyamula anthu omwe agula matikiti, ndipo amazipatsa maina okoma kuti zioneke ngati maphunziro chabe. Munthu ameneyu akugwira ntchito yeniyeni yomwe amayenera kulandirapo malipiro, koma iye ndi amene akulipira. Mabungwe a mapayiloti ku Europe akhala akulimbana nazo kwa zaka zambiri, chifukwa zimagwetsa malipiro a aliyense komanso payiloti amene wamira mu ngongole nkugula mpando wake zimamuvuta kunena kuti lero ndadwala sindiuluka, kapena kumutsutsa kaputeni akalakwitsa. Zimenezi musazisokoneze ndi internship, internship yoona siyikupempha ndalama.

Amene akuphunzira dziko lomwe si lakwawo akumbukirenso kuti laisensi ndi chilolezo chogwira ntchito nzinthu ziwiri. Ma internship ambiri a makampani a ndege amafuna munthu wololedwa kale kugwira ntchito mdzikomo, ndipo laisensi ya FAA sungangofika nayo ku Europe nkuyamba ntchito, pamafunika kuisintha, mayeso ena ndi ndalama zina. Chingerezi cha pa wailesi nachonso chimayesedwa, ICAO imafuna level 4 kukwera mmwamba.

Nanga ntchito yoyambayo ikapezeka imakhala bwanji? Masabata oyamba ndi kalasi, simulator, mayeso, kenako kuuluka ndi kaputeni wophunzitsa anthu ali kumbuyo, ndipo mmakampani ambiri chaka choyamba chonse umakhala poyesedwa. Pokhala kumunsi kwa mzere umaikidwa pa reserve, ulibe ndandanda yako, umangokhala pafupi ndi foni kuti wina akadwala kaya ndege ikachedwa akuitane ufike pa eyapoti mmaola ochepa. Mzinda sumasankha, amakupatsa womwe anzako aukana, nde ambiri amakhala kwina nkumakwera ndege kupita kuntchito podalira mipando yotsala, nkumagona mu crash pad, nyumba yomwe mapayiloti ambiri amasonkherana lendi nkuikamo mabedi osanjikiza. Pa malipiro paja madola 90 pa ola amamveka ambiri, ndipo poyerekeza ndi kale ndi ambiridi, koma maola olipidwa ndi a ndege ikanyamuka pa geti mpaka ikaima pa geti ina, odikira pa eyapoti ndi okonzekera nthawi zambiri sawerengedwa, pamwezi amakhala 75 kaya kuposerako pang'ono, ndipo lamulo sililola kuuluka maola opitirira 1,000 pachaka. Kuti ukhale kaputeni ku America pafunikanso maola ena 1,000 a mu kampani. Ndipo mayeso aliwonse ouluka omwe unalepherapo amakutsata, lamulo lomwe lija la 2010 linalamula kuti pakhale Pilot Records Database komwe olemba ntchito amaonamo mbiri yako.

Nde wophunzira asankhe bwanji? Ine ndimati ayambe wafunsa kuti chomwe chikumuchedwetsa kwenikweni nchani, chifukwa nthawi zambiri si maola. Ngati uli ndi zaka 19 ndipo maola udzawakwanitsa usanafike 21, zaka ndi zomwe zikukutsekereza, internship siyikuchotsera kanthu, pita. Ngati ukudalira njira ya maola 1,000 ija digiri uyenera umalize kaye, nde internship ya nthawi ya holide yaitali yomwe siyikusuntha tsiku lomaliza sukulu ili ngati yaulere, pomwe ya semesita yathunthu yomwe ikukankhira digiri kutsogolo ndi imene ikufunika kuiwerengera bwinobwino. Ngati ndiwe mphunzitsi kale, uli ndi ophunzira ambiri, watsala ndi maola 300 ndipo ma regional akuitana anthu, apo kusiya kuti ukakhale mu ofesi nkovuta kukuikira kumbuyo, makamaka ngati malo ako a uphunzitsi sadzakusungira. Koma ngati anzako omwe anakwanitsa maola miyezi 6 yapitayo akadali pompo akuphunzitsa, palibe chomwe ukuthamangira. Yang'ananso thumba, ma internship ena amalipira ena salipira, likulu la kampani limakhala mu mzinda wodula lendi, ngongole ya sukulu nayo chiwongoladzanja chake sichiima. Ndipo isakhale ya kampani yaikulu yokha mmaganizo, dipatimenti ya ndege ya kampani ya bizinesi kaya kampani yaing'ono yonyamula katundu pena imadzakupatsa ntchito youluka msanga kuposa dzina lotchuka lomwe lidzakuitane patapita zaka 6.

Amene wasankha kupita asaiwale kuti manja amazizira. Malamulo a FAA amafuna kuti ukhale utanyamuka nkutera katatu mmasiku 90 apitawo kuti unyamule munthu, komanso ma approach 6 a zida, kutsika kokatera podalira zida zokha, mmiyezi 6 kuti uloledwe kulowa mmitambo, nde mu bajeti ya internship muikemo ndalama zobwerekera ndege olo kamodzi kaya kawiri pamwezi pa bwalo laling'ono lapafupi. Ndipo ngati pali mayeso ouluka omwe atsala, alembeni musanapite kapena mudzipatse masabata angapo oyeserera mukabwerako, musadzawaike sabata yomweyo mwafika.